Kodi kufupikitsa ma pulse a laser n'kokwanira kuti bandwidth ya photonic sampling ikule?

Wophunzira wa ku Santhe

Ndikupereka moni kwa nonse a pabwalo lino, makamaka akuluakulu amene munaphunzira kapena mumagwira ntchito za magetsi ndi za kuwala. Ine ndili m'chaka chomaliza cha maphunziro a uinjiniya wa zamagetsi, ndipo pakali pano ndili kwathu ku Santhe, m'boma la Kasungu, kumene ndikulemba ntchito yanga yotsirizira sukulu. Mutu umene ndinapatsidwa ndi wa photonic sampling, ndiye kuti njira yogwiritsa ntchito kuwala kwa laser potapa signal yothamanga kwambiri, monga ya radar, kuti kenako isandutsidwe manambala amene kompyuta ingathe kuwerenga.

Zimene ndamvetsa mpaka pano ndi izi. Laser ya mtundu wa mode-locked simawala mosalekeza ngati babu, koma imatulutsa tizidutswa ta kuwala tatifupi kwambiri, timene timatchedwa ma pulse, ndipo timatuluka motsatizana pa mpata wofanana wa nthawi. Ma pulse amenewa amadutsa mu modulator ya Mach-Zehnder, imene yalumikizidwa ku signal imene tikufuna kuyeza, moti pulse iliyonse imatuluka yowala kwambiri kapena yozilala malingana ndi voltage imene inalipo pa nthawi imene inkadutsa. Photodiode imalandira kuwalako n'kukusandutsa magetsi, ndipo ADC wamba, chipangizo chosandutsa magetsi kukhala manambala, imapereka nambala ya pulse iliyonse.

Pamene ndaimira ndi apa. Pafupifupi zolembedwa zonse zimene ndawerenga zimayamba ndi mawu akuti ma pulse aafupi kwambiri ndiwo amachititsa kuti bandwidth, ndiye kuti frequency yapamwamba imene chipangizo chingathe kuona, ikhale yaikulu. Ngati zili choncho, ine ndimaganiza kuti wina akachotsa laser ya picosecond 1 n'kuikapo ya ma femtosecond 100, bandwidth iyenera kukula kakhumi (picosecond, kapena ps, ndi gawo limodzi mwa magawo 1 thililiyoni a sekondi, ndipo femtosecond, kapena fs, ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a picosecond). Koma ndikaona zotsatira za anthu amene anayesadi zipangizo zimenezi, ambiri akunena za ma GHz makumi angapo basi, ngakhale laser yawo ili ya ma femtosecond. Kodi bandwidth yotsalayo ikuthera pati? Ndipo ngati kufupikitsa pulse sikuthandiza kupyola malire ena ake, n'chifukwa chiyani ofufuza amalimbikirabe kugula ma laser okwera mtengo a ma femtosecond? Zipangizo zoyesera ndilibe, ntchito yanga yonse ndikuchitira pa kompyuta pogwiritsa ntchito Python, choncho ndikufuna kudziwa zinthu zimene ndiyenera kuika m'masamu anga kuti zotsatira zisakhale zongosangalatsa maso chabe. Ndithokozeretu aliyense amene angandiunikire.

Mphunzitsi wa fizikisi wa ku Mtunthama

Mwana wathu wa ku Santhe, funso lanu ndi labwino, ndipo ndikuona kuti mwaliganizira mofatsa. Ine ndingoyala maziko, akatswiri adzapitiriza pomwe ndingalekezere.

Choyamba, musasakanize zinthu ziwiri zimene anthu ambiri amazitenga ngati chimodzi. China ndi kuchuluka kwa ma sample amene chipangizo chikutapa pa sekondi, ndipo china ndi bandwidth, ndiye kuti frequency yapamwamba imene chipangizocho chingathe kuiona isanazilale. Kuchuluka kwa ma sample kumadalira mpata umene uli pakati pa pulse ina ndi inzake, ndipo lamulo limene timalidziwa kuchokera ku ntchito ya Harry Nyquist ya mu 1928 ndi ya Claude Shannon ya mu 1949 limati kuti signal ibwezeretsedwe yonse bwinobwino, ma sample pa sekondi ayenera kuposa kawiri kukula kwa gawo la ma frequency limene signal imeneyo yatenga. Koma bandwidth imadalira kutalika kwa nthawi imene sample imodzi ikutapidwa, ndipo apa ndi pamene kufupika kwa pulse kumalowera.

Taganizirani usiku wa mvula mu Disembala, munthu akuthamanga pabwalo mumdima. Mphezi ikang'anima kamodzi mwachidule, mumamuona ngati waima chilili, mwendo uli m'mwamba, ndipo mutha kuloza pamene ali. Kung'animako kukatalika, mumangoona chithunzi chosokonekera chifukwa munthuyo wasuntha kuwala kukadalipo. Pulse nayo imachita chimodzimodzi: pa nthawi yonse imene ikudutsa mu modulator, signal ikusintha, ndipo zimene photodiode imalandira ndi avereji ya kusintha konseko. Signal ikakwera n'kutsika pulse isanathe kudutsa, kukwerako ndi kutsikako zimafafanizana, ndipo nambala imene mumapeza siikuuzani kanthu.

Masamu ake si ovuta. Kwa pulse ya maonekedwe a Gaussian, bandwidth imene pulse payokha imalola ndi pafupifupi 0.31 kugawa ndi kutalika kwa pulseyo. Pulse ya ma picosecond 10 imalola pafupifupi 31 GHz, ya picosecond 1 imalola pafupifupi 310 GHz, ndipo ya ma femtosecond 100 imalola kupyola 3,000 GHz. Mpaka apa maganizo anu ndi olondola ndithu, pulse ikafupika kakhumi malire ake amakula kakhumi. Koma signal siifika pa pulse mwachindunji, imayamba yadutsa mu modulator, ndipo modulator nayo ili ndi malire ake. Ma modulator a lithium niobate amene akhala akugulitsidwa kwa zaka zambiri amafika pa 30 kapena 40 GHz. Pophatikiza malire awiriwa mwa njira yoyerekeza, mumatenga 1 kugawa ndi sikweya ya bandwidth iliyonse, n'kuwonkhetsa, kenako n'kubweza potenga 1 kugawa ndi square root ya yankholo. Mukatero ndi modulator ya 40 GHz mupeza kuti pulse ya 10 ps imakupatsani pafupifupi 24.5 GHz, ya 1 ps imakupatsani 39.7 GHz, ndipo ya 100 fs imakupatsani 40 GHz. Mukuona kuti kuchoka pa 10 ps kufika pa 1 ps mwapindula kwambiri, koma kuchoka pa 1 ps kufika pa 100 fs mwangowonjezera kachigawo ka GHz imodzi. Bandwidth imene mukuifunayo siinatayike pena paliponse, modulator ndiyo siinailole kulowa.

Chinthu china chimene ine chimandisangalatsa pa njira imeneyi n'chakuti photodiode ndi ADC sizifunika kukhala zothamanga ngati signal. Kutapa kumachitika mu modulator, ndipo pulse ikangotuluka m'menemo yanyamula kale nambala yake. Chimene chikufunika kwa photodiode n'chakuti imalize kuwerenga pulse imodzi inzake isanafike. Za funso lanu lachiwiri, lokhudza chifukwa chogulira laser ya ma femtosecond, ndisiyira amene amagwira zipangizozi.

Mmisiri wa fiber wa ku Mchinji

Bambo aphunzitsi, mwalongosola momveka, ndipo ndikupempha kuti ndiwonjezere kanthu kochokera kumbali yathu, ife amene timalumikiza fiber m'misewu. Ine sindigwira ntchito ya ma laser a femtosecond, koma galasi limene kuwalako kumayendamo ndi lomweli limene ndimasenda ndi kudula tsiku ndi tsiku.

Achimwene a ku Santhe, m'masamu anu musaganize kuti pulse imene yatuluka mu laser ndi yomweyo imene ifike pa modulator. Pulse yaifupi siingakhale ya wavelength imodzi, ndipo ikamafupika ndi pamene imatenga ma wavelength ochuluka. Pa 1550 nm, pulse ya 100 fs imatambalala pafupifupi 35 nm, pamene ya 1 ps imangotenga pafupifupi 3.5 nm. Tsono mu fiber wamba ya single-mode, imene timagwiritsa ntchito paliponse, ma wavelength osiyana amayenda pa liwiro losiyana pang'ono, ndipo kusiyanako, kumene timati dispersion, ndi pafupifupi 17 ps pa nanomita iliyonse pa kilomita iliyonse. Tengani mamita 10 okha a fiber pakati pa laser ndi modulator, amene ndi timawaya tachikasu tingapo tolumikizana patebulo. Mukachulukitsa 17 ndi 35 ndi 0.01, amene ndi mamita 10 aja m'makilomita, mupeza pafupifupi 6 ps. Pulse ija ya 100 fs yafika pa modulator itatalika kufika pa 6 ps, pamene ya 1 ps, itadutsa m'mamita 10 omwewo, yafika ili pafupifupi 1.2 ps. Ndiye kuti pulse imene inanyamuka ili yaifupi kwambiri ndiyo yafika ili yaitali, ndipo mukatsata masamu a aphunzitsi aja ndi modulator ya 40 GHz, bandwidth yatsika kufika pafupifupi 32 GHz. Vuto limeneli lili ndi mankhwala ake, chifukwa pali fiber yapadera imene imabweza dispersion, koma muyenera kuiwerengera, siibwera yokha.

Dziwaninso kuti dispersion imene imaononga bandwidth ndi ya pakati pa laser ndi modulator. Pulse ikadutsa modulator, kutalika kwake sikusinthanso nambala imene yanyamula, bola isatalike mpaka kugundana ndi inzake.

Ife pa ntchito yathu timaona zofanana ndi zimenezi tikamagwiritsa ntchito OTDR, makina otumiza pulse mu fiber n'kuyeza kuwala kobwerera, posaka pamene fiber yaduka. Tikasankha pulse ya ma nanosecond 10, makina amatha kusiyanitsa malo otalikirana pafupifupi mita imodzi, koma kuwala kumakhala kochepa moti sitiona kutali. Tikasankha pulse yaitali timaona makilomita ambiri, koma zolumikiza ziwiri zoyandikana zimaoneka ngati chimodzi. Kufupikitsa pulse nthawi zonse kuli ndi mtengo wake, ndipo mukafuna kubweza kuwala kotayikako pokweza mphamvu, mumakumana ndi vuto lina. Laser ya 10 mW imene ikutulutsa ma pulse 100 miliyoni pa sekondi imaika mphamvu ya ma picojoule (pJ) 100 mu pulse iliyonse, ndipo mphamvu imeneyo ikapanikizidwa mu 100 fs imafika pafupifupi kilowati imodzi, yonseyo ikudutsa pa kamtima ka fiber kotambalala ma micrometer 9 okha. Pa mphamvu yotere galasi limayamba kusintha khalidwe lake potsatira kuwala komweko, pulse imapotoka, ndipo photodiode nayo imakhuta n'kuleka kuyankha molingana ndi kuwala kumene yalandira.

Pomaliza, ganizirani za kutentha. Nthawi imene kuwala kumatenga podutsa mu fiber imasintha ndi pafupifupi 40 fs pa mita iliyonse kutentha kukasintha ndi digiri imodzi. Pa intaneti wamba zimenezi sitizilabadira n'komwe, koma kwa inu amene mukuwerenga ma femtosecond, chipinda cha malata mu Okutobala, chimene m'mawa chimazizira koma masana n'kutentha kwambiri, chingasokoneze muyeso wonse.

Wophunzira wa ku Santhe

Bambo aphunzitsi ndi achimwene a ku Mchinji, zikomo kwambiri. Ndaika manambala anu mu Python ndipo akugwirizana ndi zimene mwalemba. Komabe funso langa lachiwiri lakula tsopano, chifukwa ngati pulse ya 100 fs siiwonjezera bandwidth, ndipo imabweretsa dispersion ndi mphamvu yopyola muyeso, sindikuona phindu lake. Komanso ma laser ambiri a fiber amene ndawerenga amatulutsa ma pulse pafupifupi 100 miliyoni pa sekondi, ena kufika 1 biliyoni. Malinga ndi lamulo la Nyquist lija, ma sample 1 biliyoni pa sekondi amangokwanira gawo la 500 MHz. Nanga phindu la modulator ya 40 GHz ndi lotani ngati ma pulse akubwera motalikirana chonchi?

Mayi injiniya wa ku Kapiri

Achimwene, mwafika pa funso lenileni, ndipo ndikufuna ndiliyankhe mwatsatanetsatane chifukwa ndi pamene ophunzira ambiri amasokonekera, n'kumalemba ntchito yonse yotamanda kufupika kwa pulse osatchula chimene chinachititsa kuti anthu ayambe kuganiza za kuwala poyamba.

Chimene chimavutitsa ADC ya magetsi pa ma frequency apamwamba ndi jitter, ndiye kuti wotchi imene imalamula nthawi yotapira siigunda pa nthawi yeniyeni, imafulumira pang'ono kapena kuchedwa pang'ono mosayembekezeka. Signal ikakhala yoyenda pang'onopang'ono, kuphonya kwa nthawi koteroko sikusintha nambala kwenikweni, koma ikakhala yothamanga, kuphonya kwakung'ono kumapereka voltage ina ndithu. Mu 1999 Robert Walden anafufuza ma ADC ambiri a nthawi imeneyo ndipo anaonetsa kuti, pa gawo lalikulu la ma ADC othamanga, liwiro lotapira likawirikiza kawiri pamatayika pafupifupi bit imodzi ya kulondola kwa manambala, ndipo chifukwa chachikulu chinali jitter. Masamu ake ndi awa: SNR, ndiye kuti kukula kwa signal poyerekeza ndi phokoso, mu ma dB ndi 20 kuchulukitsa ndi log ya 1 kugawa ndi (2π kuchulukitsa ndi frequency ndi jitter), ndipo ma bit enieni amapezeka pochotsa 1.76 ku SNR n'kugawa ndi 6.02. Mukakhala ndi jitter ya 100 fs, signal ya 10 GHz imakupatsani 44 dB, amene ndi ma bit 7, koma ya 40 GHz imakupatsani 32 dB, amene ndi ma bit 5 okha. Mukatsitsa jitter kufika pa 10 fs, 10 GHz ija imakwera kufika pa 64 dB, kupyola ma bit 10. Choncho bandwidth yaikulu yopanda nthawi yokhazikika ilibe ntchito, mumaona signal yothamanga koma manambala ake ndi phokoso.

Apa ndi pamene laser ya mode-locked imapambana. Mkati mwake muli pulse imodzi imene ikuzungulira mosalekeza, ndipo nthawi iliyonse ikamaliza ulendo kachigawo kake kamatuluka. Phokoso limene limakankha pulse imeneyo kuti ichoke pa nthawi yake limachepa pamene pulseyo ili yaifupi ndiponso yodzaza ndi kuwala, monga momwe Hermann Haus ndi Antonio Mecozzi anaonetsera m'masamu awo mu 1993. N'chifukwa chake ma laser abwino a femtosecond ayezedwa n'kupezeka ndi jitter yosafika ngakhale femtosecond imodzi. Chifukwa choyamba chogulira laser ya 100 fs ndi chimenechi: kufupikako kumafunika mkati mwa laser kuti nthawi ikhazikike, ngakhale pulseyo itatalika pang'ono ikatuluka.

Maganizo ogwiritsa ntchito modulator ya kuwala mu ADC si atsopano, Henry Taylor anawalemba kale mu 1975. Koma chitsanzo chimene ndikufuna muchionetsetse ndi cha gulu la Franz Kärtner ku MIT, limene mu 2012 linatapa signal ya 41 GHz n'kupeza ma bit enieni 7.0. Mukabweza masamu aja mupeza kuti zimenezi zikufanana ndi jitter ya 15 fs, imene iwo anati inaposa kanayi kapena kasanu ma ADC a magetsi abwino kwambiri a nthawiyo. Chofunika kuzindikira n'chakuti iwo sankatapa ma sample 82 biliyoni pa sekondi, ankatapa ochepa kwambiri kuposa pamenepo. Lamulo la Nyquist limayang'ana kukula kwa gawo limene signal yatenga, osati kutalika kwa frequency imene yakhalapo. Signal yopapatiza imene yakhala pa 41 GHz ingatapidwe pang'onopang'ono, ndipo imaonekera pa frequency yotsika popanda kutaya uthenga wake, bola modulator ithe kuiona ndipo nthawi ikhale yokhazikika. Kwa radar ndi ma receiver a wailesi phindu lake ndi lalikulu, chifukwa zipangizo zingapo zotsitsira frequency zimachoka.

Koma ngati signal ili yotambalala ndithu, nkhawa yanu ndi yoona, ma pulse ayenera kuchuluka, ndipo apa 35 nm ija imene achimwene a ku Mchinji aiona ngati vuto imasanduka chuma. Mumatenga pulse imodzi ya 100 fs n'kuigawa ndi filter m'magawo a ma wavelength osiyana, tinene magawo 8, ndipo gawo lililonse mumalichedwetsa ndi nthawi yosiyana musanawabweze onse mu fiber imodzi. Pamene panali pulse imodzi tsopano pali ma pulse 8 otsatizana, onse obadwa ku pulse imodzi ndipo onse okhala ndi jitter yochepa yomweyo. Gawo lililonse, popeza ndi lopapatiza, limakhala pulse ya pafupifupi picosecond imodzi kapena ziwiri, imene aphunzitsi aonetsa kale kuti ndi yokwanira. Onse amadutsa mu modulator imodzi, kenako filter ina imawalekanitsa potsatira wavelength, ndipo gawo lililonse limapita ku photodiode ndi ADC yake yoyenda pang'onopang'ono. Laser ya 1 GHz yokhala ndi magawo 8 imapereka ma sample 8 biliyoni pa sekondi. Ndi laser ya 1 ps simungachite zimenezi bwino, chifukwa 3.5 nm mukaigawa kasanu ndi katatu ma pulse ake amatalika kwambiri.

Njira ina ndi ya time-stretch, imene gulu la Bahram Jalali ku UCLA linaiyambitsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. M'malo molimbana ndi dispersion, iwo amaigwiritsa ntchito mwadala. Pulse imadutsa mu fiber yoyamba n'kutalika moti ma wavelength ake amandandalikana motsatizana, kenako modulator imalemba kachidutswa ka signal pa pulse yotalikayo, moti nthawi iliyonse ya signal yakhala pa wavelength yake. Fiber yachiwiri, yaitali kwambiri, imatalikitsanso pulse pamodzi ndi signal imene yanyamula, ndipo imafika pa photodiode itachepa liwiro. Ngati ma fiber awiriwo ndi a mtundu umodzi, kutalikako ndi 1 kuwonjezera kutalika kwa fiber yachiwiri kugawa ndi kwa yoyamba. Mu 2007 gulu limeneli linatalikitsa signal ka 250 n'kufika pa liwiro lofanana ndi ma sample 10 thililiyoni pa sekondi. Ine njira imeneyi ndimailemekeza kwambiri pa zinthu zochitika kamodzi mwadzidzidzi, koma siiyenera kutamandidwa mopyola, chifukwa pulse iliyonse imangogwira kachidutswa kakafupi ka nthawi, ndipo kuti mugwire signal yosalekeza pamafunika njira zambiri zoyenda pamodzi. Palinso ma frequency ena amene amazilala chifukwa ma sideband awiri a signal, ndiye kuti magawo awiri a kuwala amene modulator imapanga mbali zonse ziwiri za frequency ya laser, amafika atasemphana n'kufafanizana, ndipo pamafunika modulator ya sideband imodzi kapena kugwiritsa ntchito zotuluka zonse ziwiri za modulator kuti vutoli lithe.

Mphunzitsi wa fizikisi wa ku Mtunthama

Mayi, mwatitsegula maso, makamaka pa mfundo yakuti laser yaifupi imagulidwa chifukwa cha nthawi yokhazikika ndi kutambalala kwa ma wavelength. Komabe ndili ndi chikayiko pa njira yogawa pulse ija. Kuwala mu fiber kumayenda pafupifupi mamilimita 0.2 pa picosecond imodzi, ndiye kuti kuti magawo 8 aja atalikirane molondola mpaka 10 fs, kutalika kwa fiber iliyonse kuyenera kulondola mpaka ma micrometer 2. Sindikhulupirira kuti pali munthu amene angadule galasi ndi dzanja molondola chotero, ndipo kutentha kumene achimwene a ku Mchinji atchula kungasinthe kutalikako ngakhale atadula bwino. Kodi pamenepa sitikubweza jitter imene tinathawa, koma polowera khomo lina? Ndiponso, popeza modulator ndiyo ikutsekereza, kodi palibe chimene chachitika kuti malire a 40 GHz aja asunthe?

Mayi injiniya wa ku Kapiri

Bambo aphunzitsi, chikayiko chanu ndi choyenera, koma pali kusiyana kumodzi kofunika. Jitter imasintha pa pulse iliyonse mosayembekezeka, choncho siingachotsedwe ikachitika. Kuphonya kwa kutalika kwa fiber kumakhala komweko pa pulse iliyonse, kapena kumasintha pang'onopang'ono potsatira kutentha, choncho kungayezedwe polowetsa signal yodziwika, n'kukonzedwa ndi delay line yosinthika kapena ndi masamu pa kompyuta. Kukapanda kukonzedwa kumaoneka ngati ma frequency abodza pa spectrum, osati ngati phokoso lofalikira. Ndi chifukwa chomwechi ofufuza akufunitsitsa kuika ma filter ndi ma delay onse pa chip imodzi ya silicon, pamene kutalika kumajambulidwa ndi makina ndipo kutentha kumalamulidwa mosavuta.

Pa za modulator, zinthu zasunthadi. Vuto lake lakale n'lakuti kuwala ndi signal ya magetsi ziyenera kuyenda limodzi pa liwiro lofanana m'litali mwa modulator, koma mu lithium niobate signal ya magetsi mwachibadwa imatsalira m'mbuyo, ndipo ma electrode amadya signal kwambiri frequency ikamakwera. Mukafupikitsa modulator bandwidth imakula koma pamafunika voltage yambiri, mukaitalikitsa voltage imachepa koma bandwidth imatsika. Mu 2018 gulu la Marko Lončar ku Harvard linaonetsa ma modulator opangidwa ndi kachigamba kopyapyala kwambiri ka lithium niobate, kamene kamalola kuti ma electrode ayandikane, ndipo ena anafika pa 100 GHz. Mu 2019 gulu la Juerg Leuthold ku ETH Zurich linaonetsa modulator ya plasmonic yofika pa 500 GHz. Mukaika modulator yotere m'masamu anu aja, pulse ya 1 ps imayamba kukhala yotsekereza, ndipo kufupika kwa 100 fs kumayamba kuwonjezeradi bandwidth.

Achimwene a ku Santhe, mu Python yanu muikemonso zinthu ziwiri. Choyamba, modulator ya Mach-Zehnder imayankha mwa maonekedwe a sine, osati mzere woongoka, choncho signal yaikulu imapotoka. Njira imene Twichell ndi Helkey a ku MIT Lincoln Laboratory anaonetsa mu 2000 ndi yowerenga zotuluka zonse ziwiri za modulator, kutenga kusiyana kwake kugawa ndi kuwonkhetsa kwake, n'kubweza sine ija ndi masamu, zimene zimachotsanso phokoso la kusinthasintha kwa mphamvu ya laser. Chachiwiri ndi shot noise, phokoso lobwera chifukwa chiwerengero cha ma photon, tizidutswa tochepetsetsa ta kuwala, chimasinthasintha mwachibadwa. Pa 1550 nm, 1 pJ imodzi ili ndi ma photon pafupifupi 7.8 miliyoni, ndipo nambala imeneyi imaika malire a SNR pafupi ndi 69 dB ngakhale zina zonse zitakhala zangwiro. Nthawi iliyonse mukagawa pulse pawiri mumataya 3 dB pa malire amenewa, choncho jambulani graph ya ma bit enieni motsutsana ndi chiwerengero cha magawo, ndipo muona pamene kugawa kumasiya kupindulitsa.

Mmisiri wa fiber wa ku Mchinji

Mayi, zikomo, za kukonza ndi masamu zandimveka. Aphunzitsi anena zoona kuti cleaver yathu, chida chodulira fiber, siingadule kutalika molondola mpaka ma micrometer 2, ntchito yake ndi kudula nkhope ya galasi kuti ikhale yosalala ndi yoongoka, kutalika timangoyeza ndi rula ya mamilimita imene ili pa cleaver pomwepo.

Achimwene, ngati mudzapeza mwayi wogwira zipangizo zenizeni ku yunivesite, kumbukirani kuti modulator ya lithium niobate imalandira bwino kuwala kwa polarization imodzi, choncho kuchokera pa laser kufika pa modulator pamafunika fiber ya mtundu wa PM, imene imasunga polarization, ndipo polumikiza fiber imeneyi pamafunika splicer, makina olumikizira fiber, imene imatha kuzunguliza galasi kuti mizere yake iyang'anane, osati splicer wamba imene timayenda nayo m'misewu. Gwiritsaninso ntchito ma connector obiriwira a APC, amene nsonga yake inadulidwa mopendekera madigiri 8, pamodzi ndi isolator, imene imatchinga kuwala kobwerera, pafupi ndi laser, chifukwa kuwala kobwerera m'mbuyo kukalowa mu laser ya mode-locked kumasokoneza ma pulse ake. M'masamu anu muikemo kutayika kwa kuwala pa connector iliyonse, pafupifupi 0.2 mpaka 0.3 dB, ndi ma dB angapo a modulator ndi a filter iliyonse, chifukwa ma photon amene mayi awerenga aja ndi amene afika pa photodiode, osati amene atuluka mu laser.